Joe Jackson ndi chikho chomwe chinagulitsidwa mu 1919: mafunso ndi mayankho

Joe Jackson anamwalira mu 1951, koma ku America dzina lake likatchulidwa pakati pa okonda baseball mkangano umabuka pomwepo. Ena amati anali munthu wosalakwa amene anthu ochenjera anamupezerera chifukwa sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Ena amati anagulitsa timu yake pa madola 5,000, ndipo chilango chomwe analandira chinamuyenera. Iye anali mmodzi mwa osewera asanu ndi atatu a Chicago White Sox amene anathamangitsidwa m'masewerowa kwa moyo wawo wonse pa mlandu woluza dala mpikisano wa World Series wa 1919 mogwirizana ndi akuluakulu a juga.

Tisanapite patali, baseball imaseweredwa bwanji?

Matimu awiri, iliyonse ya osewera asanu ndi anayi, amasinthana ntchito: ina ikuponya ndi kuwakha, inayo ikumenya. Woponya amaima pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba kwa womenya, amene wagwira ndodo yamtengo. Womenyayo akaugunda mpirawo amathamanga kudutsa malo anayi omwe anayalidwa mozungulira, ndipo akabwerera pomwe anayambira, timu yake yapeza pointi. Omenya atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana, mpaka iliyonse itamenya maulendo asanu ndi anayi.

Pa nkhani yathuyi pali zinthu ziwiri zofunika kuzigwira. Choyamba, masewerowa ali m'manja mwa woponya. Akangofewetsa mkono pang'ono, kapena kuika mpira pamalo pomwe womenya amaukonda, gemu yapita, ndipo palibe angaloze chala kuti wachita dala. Chachiwiri, ngakhale katswiri wa omenya amalephera kasanu ndi kawiri mwa maulendo khumi. Kulephera n'chinthu cha tsiku ndi tsiku mu baseball, choncho wolephera dala amabisala mosavuta pakati pa olephera moona.

Joe Jackson anali ndani?

Anabadwira m'boma la Pickens ku South Carolina, m'banja losauka, ndipo anakulira pafupi ndi mzinda wa Greenville. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri anayamba kale ntchito m'fakitale yoomba nsalu ya Brandon Mill, kusesa ulusi pansi pa makina. Sukulu sanaione. Mpaka kufa kwake, makalata ankamuwerengera ndi mkazi wake Katie, amene anamukwatira mu 1908, ndipo kawirikawiri ndi Katie yemweyo amene ankasaina m'malo mwake. Jackson mwini wake kulemba dzina lake lokha kunali ntchito ya thukuta, n'chifukwa chake siginecha yake yeniyeni ndi yosowa kwambiri masiku ano ndipo imagulidwa pa ndalama zochuluka.

Mafakitale a kumeneko anali ndi matimu awo, ndipo Jackson analowa timu ya akuluakulu ali ndi zaka 13. Dzina loti "Shoeless Joe", kutanthauza Joe wopanda nsapato, linabwera mu 1908 akusewerera Greenville Spinners. Nsapato zatsopano zinamutulutsa matuza, ndiye tsiku lina anavula n'kusewera ndi masokosi okha. Wochemerera wina anamukuwiza, mtolankhani n'kulemba, dzina n'kukakamira. Mwini wake sankalikonda, chifukwa linkamuonetsa ngati mbuli yakumudzi.

Chaka chomwecho anatengedwa ndi Philadelphia Athletics ya Connie Mack, koma sanakhazikike. Anzake a m'tauni ankamuseka chifukwa cha kalankhulidwe kake ndi kusaphunzira, moti ankathawa kubwerera kwawo. Ku Cleveland, komwe anapita mu 1910, n'komwe luso lake linaonekera. Mu 1911 anamaliza chaka ndi chiwerengero cha .408, kutanthauza kuti mwa maulendo 1,000 aliwonse akanamenya bwino maulendo 408. Palibe wosewera wina amene anachitapo zimenezi m'chaka chake choyamba chathunthu m'ligi yaikulu. Pa ntchito yake yonse chiwerengero chake ndi .356, chimodzi mwa zapamwamba kwambiri m'mbiri ya masewerowa. Babe Ruth, amene anadzatchuka kuposa onse, ankanena kuti kamenyedwe kake anatengera kwa Jackson.

Mu August 1915 anagulitsidwa ku Chicago White Sox, ndipo mu 1917 anatenga nayo chikho cha World Series atagonjetsa New York Giants.

Nanga mu 1919 chinachitika n'chiyani?

White Sox inafikanso mu World Series, mpikisano womwe akatswiri a maligi awiri akuluakulu a ku America amalimbirana ukatswiri wa dziko lonse. Chaka chimenecho wopambana ankayenera kuwina magemu asanu mwa asanu ndi anayi. Adani awo anali Cincinnati Reds, ndipo anthu ambiri ankaona kuti Chicago ndiyo yamphamvu.

Apa m'pomwe panali phindu la anthu a juga. Timu yomwe aliyense akuidalira ikaluza, amene anabetchera timu inayo amakolola zambiri. Wosewera wa White Sox dzina lake Chick Gandil anakumana ndi katswiri wa juga wa ku Boston, Joseph "Sport" Sullivan, n'kumuuza kuti chikho chikhoza kugulidwa. Gulu lina la juga linalowanso: Bill Burns, amene kale anali woponya, mnzake Billy Maharg, ndi Abe Attell, katswiri wakale wa nkhonya. Kumbuyo kwa onsewa kunkatchulidwa dzina la Arnold Rothstein wa ku New York, mkulu wa juga ndi zauchigawenga amene anali ndi ndalama zenizeni.

Gandil anakopa oponya awiri odalirika a timuyo, Eddie Cicotte ndi Lefty Williams, kenako Swede Risberg, Happy Felsch ndi Fred McMullin. Buck Weaver anakhala nawo pa zokambirana. Dzina la Jackson linaperekedwanso kwa a juga, poti chiwembu chopanda womenya wamkulu wa timuyo sakanachikhulupirira.

Cicotte anakana kuponya dala asanaone ndalama. Usiku woti mawa lake mpikisano uyamba anapeza madola 10,000 pansi pa pilo m'chipinda chake cha ku hotela. Pa 1 October 1919, mpira wake wachiwiri unakagunda msana wa womenya woyamba wa Cincinnati, Morrie Rath. Chimenechi chinali chizindikiro kwa a juga kuti pangano lilipo. Chicago inaluza 9-1. Williams analuza magemu onse atatu omwe anayamba kuponya. Woponya wina amene sanali m'chiwembucho, Dickie Kerr, anawina awiri. Pa 9 October Cincinnati inatenga chikho, magemu asanu kwa atatu.

Akuba anaberananso okhaokha. Ndalama zambiri zomwe osewera analonjezedwa sizinafike, chifukwa a juga anazitenga kukabetchera m'malo mowalipira, ndipo pa zochepa zomwe zinafika, zikuoneka kuti Gandil ndiye anadya gawo lalikulu. Iye sanabwererenso ku timuyo mu 1920.

Jackson anachitapo chiyani kwenikweni?

Pali zinthu zomwe zili poyera. Jackson sanapezeke pa misonkhano yomwe osewera anakambirana za chiwembucho. Koma pa 28 September 1920, atalumbira pamaso pa gulu la nzika lomwe khoti la ku Chicago linaika kuti lifufuze nkhaniyi, anavomera kuti Gandil anamufikira, kuti analonjezedwa madola 20,000, ndiponso kuti Lefty Williams anabwera m'chipinda chake ndi envulopu yakuda ndi litsiro momwe munali madola 5,000. Anadandaulanso pamenepo kuti anamunamiza, poti zotsalazo sanazione. Ananena kuti mkazi wake atamva za ndalamazo analira, n'kumuuza kuti wachita chinthu choipa kwambiri. Komabe ndalamazo sanazibweze. Zinakalowa ku banki.

Pa umboni womwewo ananenetsa kuti m'bwalo ankasewera kuti awine: kumenya, kuthamanga ndi kuwakha komwe. Ndiye tili ndi munthu amene akuti anavomera kugulitsa, analandira malipiro ake, koma katunduyo sanapereke.

Kodi mmene anasewerera sizikutsimikiza kuti sanagulitse?

Omuteteza amayambira pamenepa, ndipo ziwerengero zili kumbali yawo. Mu World Series imeneyo Jackson anamenya bwino maulendo 12 mwa 32, chiwerengero cha .375, kuposa osewera onse okhazikika a matimu awiriwo. Sanalembedwe cholakwa chilichonse powakha. Mpira umodzi wokha womwe unamenyedwa mpaka kutuluka kunja kwa bwalo mu mpikisano wonsewo anaumenya ndi iyeyo.

Koma ziwerengero zomwezo mukazigawa zimalankhula zina. M'magemu atatu omwe Chicago inawina anamenya 6 mwa 11. M'magemu asanu omwe inaluza anamenya 6 mwa 21, ndipo m'magemu anayi oyambirira mwa amenewa sanalowetse mnzake aliyense kukapeza pointi. Mpira wotuluka kunja uja unabwera mu gemu yomaliza, timu yake ili kumbuyo kale 5-0. Omutsutsa amati umu ndi mmene wogulitsa wanzeru amachitira: amamenya pomwe sipapweteka wogula.

Ine ndikuona kuti mkangano wa ziwerengerowu sudzatha, ndipo sungathe. Maulendo 32 ndi ochepa kwambiri kuti munthu awerengerepo zamumtima mwa mnzake. Wosewera aliyense amaoneka bwino m'magemu omwe timu yake yawina. N'kutheka kuti Jackson anasewera ndi mtima wonse. N'kuthekanso kuti ngakhale iye mwini sankadziwa bwinobwino kuti envulopu ija inamulemera bwanji m'manja akagwira ndodo. Kuipa kwa ndalama yotere n'komweku: ikangolowa m'thumba, ngakhale kulephera koona sikukhulupirikanso.

Chinawakopa n'chiyani? Kodi n'zoona kuti ankalipidwa mochepa?

Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti mwini timuyo, Charles Comiskey, anali woumira kwambiri moti osewera anachita izi pobwezera. Maganizo amenewa anafalikira ndi buku la Eliot Asinof la mu 1963, Eight Men Out, komanso filimu ya dzina lomwelo ya mu 1988. Koma ofufuza mbiri ya baseball atapenda makontrakiti a nthawiyo anapeza kuti White Sox inali m'gulu la matimu olipira bwino kwambiri m'ligi yawo.

Izi sizikutanthauza kuti osewera analibe chodandaula. Jackson ankalandira madola 6,000 pa chaka, pomwe mnzake wa timu yomweyo, Eddie Collins, amene anafika ku koleji ndipo ankadziwa kukambirana za malipiro, ankalandira 15,000. Panalinso lamulo m'makontrakiti lomwe linkamangirira wosewera ku timu yake moyo wonse pokhapokha mwini timu atamugulitsa. Ukakana malipiro, kunalibe kwina kopita. Lamuloli linadzagwa m'ma 1970.

Chachikulu china n'chakuti juga inali itazika mizu m'masewerowa kalekale. Obetcha ankakhala poyera m'mabwalo ndi m'mahotela momwe osewera ankagona. Wosewera wina, Hal Chase, anaimbidwa mlandu wogulitsa magemu mu 1918 ndi mphunzitsi wake yemwe, koma akuluakulu a ligi anamumasula n'kupitiriza kusewera. Osewera anaona zimenezi n'kuphunzirapo kuti ngozi yake ndi yochepa.

Taonani masamu a Jackson. Wosewera aliyense wa timu yopambana chaka chimenecho analandira madola pafupifupi 5,200, ndipo wa timu yoluza pafupifupi 3,250. Ndiye kuti pa madola 5,000 aja, pafupifupi 2,000 anali ongobweza zomwe anataya poluza. Phindu lake lenileni linali la madola ngati 3,000, theka la malipiro a chaka chimodzi. Anataya nazo ntchito yomwe mu 1920 inali idakali pachimake, chifukwa chaka chimenecho anamenya .382.

Chinsinsi chinaululika bwanji?

Mphekesera zinayamba mpikisano usanathe, poti ndalama zambiri zinali kuthiridwa mwadzidzidzi pa Cincinnati. Mtolankhani Hugh Fullerton analemba zokayikira zake, koma manyuzipepala ena a masewero anamunyoza. Comiskey analengeza mphotho kwa aliyense wobweretsa umboni ndipo analemba ntchito ofufuza, koma zomwe anamva anazisunga, n'kusainitsanso osewera omwewo a chaka chotsatira, ena ndi malipiro okwera. Jackson anapatsidwa kontrakiti ya zaka zitatu ya madola 8,000 pa chaka. Iye anadzanena pambuyo pake kuti mpikisano utangotha anapita ku ofesi kuti akaonane ndi Comiskey, koma mlembi wa timuyo, Harry Grabiner, anamubweza pakhomo.

Mlandu suola. Mu September 1920 khoti la ku Chicago linayamba kufufuza mphekesera za gemu ina, ya Chicago Cubs ndi Philadelphia Phillies, ndipo kafukufukuyo anafika pa World Series ya 1919. Billy Maharg anaulula zonse kwa mtolankhani wa ku Philadelphia. M'mawa mwake Cicotte anavomera, kenako Jackson, kenako Williams. Onse atatu anadzera kaye mu ofesi ya Alfred Austrian, loya wa Comiskey, osati loya wawo. Kwa munthu wosadziwa kuwerenga pepala lomwe akusainalo, chimenechi si chinthu chaching'ono.

Nkhani yotchuka yoti kamnyamata kanamugwira Jackson panja pa khoti n'kumuchonderera kuti anene kuti si zoona inalembedwa m'manyuzipepala a nthawiyo, koma Jackson ankakana kuti zinachitikapo.

Poti khoti linawamasula, anachotsedwa bwanji?

Mlandu unazengedwa mu 1921. Ku Illinois, komwe kuli Chicago, kunalibe lamulo loletsa kuluza gemu dala, choncho boma linayenera kutsimikiza kuti osewerawa anapangana kubera anthu ndi kuwononga bizinesi ya timu yawo. Mapepala oyambirira a kuvomera kwawo anasowa m'maofesi a boma, ngakhale zomwe ananena zinawerengedwabe m'khoti kuchokera m'zolemba za alembi. Pa 2 August 1921, nzika zoweruza mlanduwo zinakambirana maola osakwana atatu n'kunena kuti palibe wolakwa. M'khoti munali chisangalalo.

Chisangalalocho chinatha m'mawa mwake. Eni matimu, poopa kuti anthu asiya kubwera ku masewero, anali atasankha kale woweruza milandu Kenesaw Mountain Landis mu November 1920 kuti akhale mkulu wa baseball yonse, ndi mphamvu zopanda womutsutsa. Landis analengeza kuti kaya khoti lanena chiyani, wosewera amene waluza dala, amene walonjeza kutero, kapena amene wakhala pa zokambirana zotere osakauza timu yake msanga, sadzaseweranso. Onse asanu ndi atatu anachotsedwa, kuphatikizapo Buck Weaver, amene sanalandire ndalama ndipo anasewera bwino. Mlandu wake unali kukhala chete. Weaver anapempha kangapo kuti amubwezere, koma anamwalira mu 1956 asanamveredwe.

Tisaiwale kuti masewero omwe Landis ankawayeretsawa anali otsekera kunja anthu akuda, ndipo zinakhala choncho pa nthawi yonse ya ulamuliro wake. Anamwalira mu 1944, ndipo wosewera wakuda Jackie Robinson analowa m'ligi yaikulu mu 1947.

Nanga a juga aja analangidwa?

Ayi. Rothstein anakaonekera pamaso pa ofufuza n'kukana zonse, ndipo sanaimbidwe mlandu uliwonse pa nkhaniyi. Anadzaphedwa ndi mfuti ku New York mu 1928 pa nkhani zina. Sullivan ndi Attell sanaimirire pa mlandu wa ku Chicago. Burns ndi Maharg anasanduka mboni za boma. Comiskey, amene anadziwa zambiri kwa chaka chathunthu osaulula, analowetsedwa m'nyumba ya ulemu ya baseball ku Cooperstown mu 1939. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ngati kukhala chete kunali mlandu wokwanira kuthetsa ntchito ya Weaver, n'kovuta kumvetsa chifukwa chomwe sikunali mlandu kwa mwini timu.

Moyo wa Jackson unatha bwanji?

Anasumira White Sox ku Milwaukee kuti imulipire zotsala za kontrakiti yake, ndipo mlanduwo unazengedwa mu 1924. Kumeneko anasintha nkhani: anakana zambiri zomwe anavomera mu 1920, n'kunena kuti envulopu ija anailandira mpikisano utatha. Nzika zoweruza zinamukhulupirira n'kumupatsa madola opitirira 16,000, koma woweruza anafafaniza chigamulocho n'kumutsekera kwa kanthawi pomuganizira kuti wanama atalumbira. Maumboni awiriwo sangakhale oona onse, ndipo omuteteza ayenera kuvomereza zimenezo.

Anapitiriza kusewera m'matimu ang'onoang'ono a kum'mwera kwa America, anatsegula bizinesi yochapa zovala ku Savannah, kenako anabwerera ku Greenville komwe anali ndi sitolo ya mowa. Pali nkhani yomwe imakambidwa yoti tsiku lina Ty Cobb, katswiri amene ankapikisana naye unyamata wawo, analowa m'sitolomo. Jackson anamugulitsa ngati mlendo. Cobb atafunsa ngati sakumuzindikira, Jackson anayankha kuti akumudziwa bwino, koma sankadziwa ngati Cobb angafune kumudziwa iyeyo, poti ambiri sankafuna. Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 5 December 1951. Nyumba yake ku Greenville lero ndi malo osungirako mbiri yake, ndipo inapatsidwa nambala 356 pokumbukira chiwerengero chake chija.

Kodi zoterezi zinathera m'nthawi imeneyo?

Sizinathe, ndipo si za baseball yokha. Kaputeni wa timu ya cricket ya South Africa, Hansie Cronje, analetsedwa kwa moyo wake wonse mu 2000 atavomera kuti ankalandira ndalama kwa obetchetsa. Ku Zimbabwe, nkhani ya Asiagate inaonetsa kuti magemu a timu ya dziko ya mpira wamiyendo omwe inkasewera ku Asia pakati pa 2007 ndi 2009 ankagulitsidwa. Ku America komweko, khoti lalikulu linatsegula khomo la kubetcha pa masewero mu 2018, ndipo mu 2024 wosewera baseball Tucupita Marcano analetsedwa kwa moyo wake wonse chifukwa chobetchera magemu a timu yake. Masiku ano munthu amabetcha pa foni ngakhale pa kachinthu kamodzi ka mkati mwa gemu, choncho wogula safunikanso osewera asanu ndi atatu. Mmodzi akwanira.

Ndiye tinene kuti Jackson anali wolakwa kapena ayi?

Anali wolakwa. Anadziwa za chiwembucho mpikisano usanayambe, analandira ndalama, anazisunga, ndipo anasewera chaka china chathunthu osaulula poyera. Anzake oona mtima monga Dickie Kerr ankakhetsa thukuta pa bwalo lomwelo osadziwa kuti chikho chagulitsidwa kale, ndipo anthu analipira pakhomo kudzaonera mpikisano womwe sunali weniweni. Kusaphunzira sikuchotsa zimenezi. Katie anazindikira pomwepo kuti n'zoipa, ndipo mwamuna wake anamva kulira kwakeko.

Koma sanali mwini chiwembu, ndipo palibe amene anatsimikiza kuti analuza dala. Analangidwa mofanana ndi Gandil amene anayambitsa zonse, pomwe amene anapereka ndalama ndi amene anabisa nkhani anapitiriza moyo wawo bwinobwino. Munthu akhoza kunena kuti Jackson analakwa, n'kunenanso kuti sanachitiridwe chilungamo chonse, osadzitsutsa.

Kuyambira mu 1991, lamulo linkati aliyense amene ali pa mndandanda wa oletsedwa sangasankhidwe kulowa m'nyumba ya ulemu ya ku Cooperstown. Pa 13 May 2025, mkulu wa baseball Rob Manfred analengeza kuti chiletso chimatha munthu akamwalira, ndipo anachotsa pa mndandandawo dzina la Jackson, la anzake asanu ndi awiri aja, komanso la Pete Rose, amene analetsedwa mu 1989 chifukwa chobetcha. Chigamulochi sichinanene kuti Jackson sanalakwe. Chinangotsegula njira yoti komiti yosankha idzakambirane dzina lake, ndipo ngati idzamulowetse, chikwangwani chake chidzayenera kutchula zonse ziwiri: .356 ndi madola 5,000 aja.